Pepala Likakula Kuposa Munthu

M'chaka cha 1966 Tomás Gutiérrez Alea wa ku Cuba anatulutsa kanema wa m'Chisipanishi wotchedwa La muerte de un burócrata, ndiko kuti imfa ya kalaliki wa boma. Nkhani yake njoseketsa, koma pali chotiphunzitsa.

Mmisiri wina wopanga zifanizo za José Martí amwalira, ndipo anzake pomlemekeza amuika m'manda pamodzi ndi chiphaso chake cha ntchito. Mkazi wake popita kukapempha penshoni auzidwa kuti popanda chiphasocho ndalama palibe. Mphwake wa malemuyo ayendayenda m'maofesi kufuna chilolezo chofukulira mtembo, koma amkaniza. Pothedwa nzeru, aufukula mobisa usiku. Pamenepo mkulu woyang'anira manda akana kuuikanso, pakuti m'mabuku mwake munthuyo ali kale m'manda. Motero mtembo ubwerera kunyumba.

Luso la Alea taliona apa: akalalikiwo sanawasandutse zigawenga ayi. Aliyense angotsata lamulo la pa tebulo pake, nalozera mnyamatayo khomo lina. Palibe wakuba, komabe mayi wamasiye agona wopanda thandizo. Potsiriza mnyamatayo apenga, napha mkulu wa manda uja, ndipo iyeyu ndiye aikidwa mwaulemu, mapepala ake ali olongosoka.

Kuika maliro ndi kusamala amasiye ndi ntchito zachifundo. Ife amene tigwira zidindo ndi mabuku, m'ofesi ngakhale pa parishi, kanemayu atifunsa ngati timayang'ana nkhope ya wopemphayo tisanayang'ane pepala lake.