Mfundo ya Chiyankhulo ndi Mwana Wowerenga Miyala

Pa msewu wa Haile Selassie ku Longacres mu Lusaka pali ofesi ya Curriculum Development Centre, kumene amakonza zimene ana a m'Zambia amaphunzira. M'chikalata cha 2023 chotchedwa Zambia Education Curriculum Framework, chomwe chinayamba kugwira ntchito mu 2025, muli mfundo yaifupi yokhudza chiyankhulo. Ikuti ana aziphunzitsidwa m'Chingelezi kuyambira ku sukulu ya mkaka, ndipo ziyankhulo za m'dzikomo zingagwiritsidwe ntchito powafotokozera zimene sakumvetsa. Chikalata cha 2013 chinkati mwana aziphunzira m'chiyankhulo chimene anachizolowera mpaka Giredi 4, ndipo ku Lusaka chiyankhulocho chinali Chinyanja.

Mfundo yatsopanoyi ili ndi mbali ziwiri zosiyana mphamvu. Yoyamba ikulamula, yachiwiri ikungololeza. Chinyanja chizidikira mpaka mwana atasokonezeka, ndiye chiitanidwe. Vuto n'lakuti pa masamu a ana aang'ono, kusokonezekako sikuoneka msanga. Mwana wa ku Kabwata kapena ku Chelstone amafika m'kalasi atadziwa kale kuimba wanu, thuu, fili mpaka twente, makolo n'kumasangalala. Koma mukamuikira miyala pansi n'kumuuza kuti akupatseni 7, chala chimathamanga kuposa pakamwa. Mphunzitsi amene akungomvetsera nyimboyo sangaone chifukwa chofotokozera chilichonse, choncho chilolezo chija sichigwira ntchito.

Chinyanja sichilola kuwerenga m'malere. Timati mwala umodzi, dzira limodzi, ana awiri, mbuzi zitatu. Nambala imasintha potsata chinthu chikuwerengedwacho, ndiye mwana sangaitchule asanaganize kuti akuwerenga chiyani. Akadutsa zisanu amayamba kuwonkhetsa osadziwa: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, dzanja lathunthu ndi zala za dzanja lina. Pa 12 ndi pomwe nkhani yakula. Liwu la Chingelezi la twelofu silimuuza mwana wa zaka zisanu chifukwa chake 1 walembedwa kumanzere. Khumi ndi ziwiri likunena poyera kuti pali khumi limodzi ndi ziwiri zapadera. Makumi awiri ndi zitatu ndi 23 momwe amalembedwera, 2 pamalo pa makumi, 3 pamalo pa zotsalazo. Apa Chinyanja sichikufotokozera phunziro lophunzitsidwa kale m'chiyankhulo china. Phunzirolo lili m'mawu omwewo.

Sindikunyoza amene analemba mfundoyi. Lusaka ndi mzinda wa ziyankhulo zambiri, ndipo mwana wolankhula Chibemba kapena Chitonga kunyumba ankavutika pansi pa lamulo la 2013. Komanso palibe kondakitala wa minibasi amene angatchule 99 kuti makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi zinayi. Ndalama timawerenga m'Chingelezi, ndipo ana ayenera kudziwa manambala amenewo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kachilolezo kaja, chifukwa m'kalasi ya ana ambiri cholamulidwa chimachitika, chololezedwa chimaiwalika. Kuyerekeza kuchuluka kwa zinthu ndiko kungayambe kutayika. Mwana wotumidwa ku msika amadziwa mulu wa tomato wochepa asanawerenge. Wosewera chiyato kapena nsolo amaona ndi maso kuti m'dzenje muli miyala pafupifupi isanu. Nzeru zimenezi amazinena m'mawu akwawo, monga tochepa, zambirimbiri, kupitirirako pang'ono, ndipo akafunsidwa m'Chingelezi amangokhala chete.

Phunziro la masamu a ana aang'ono m'chikalata cha 2023 likutchedwa Pre-Mathematics and Science, kutanthauza zokonzekeretsa masamu enieni. Ine ndikuona kuti mwana amene wamanga timitengo khumi ndi mphira, n'kuika tiwiri pambali, wayamba kale masamu enieniwo. Mabuku a aphunzitsi ochokera ku Longacres azinena mosabisa kuti pomanga mitolo imeneyi mwana ayambe watchula khumi ndi ziwiri, twelofu abwere pambuyo.