Kalankhulidwe ka kwathu pa kanema wa ana

Kuno kwa Chulu wailesi ya kanema imabwera ndi fodya. Mabelo akagulidwa ku Chinkhoma, pa nyumba zingapo pamaoneka sola ndi dishi, ndipo madzulo ana a mudzi wonse amaunjikana pamphasa m'nyumba imodzi kuonera pulogalamu yawo. M'mawa mwake zimene adaonazo zimafika nawo ku madrasa, ndipo mphunzitsi amazimva ngakhale asanafunse.

Ana amene ndimaphunzitsa salankhula mofanana. Alipo a eni nthaka, amene agogo awo amatchulabe ŵ uja wa milomo iwiri ponena kuti "ŵana" kapena "Malaŵi". Alipo amene Chichewa chawo chidasakanikirana ndi Chitumbuka, pakuti kuno zilankhulo ziwirizi zidayandikana kalekale. Ndiye pali ana a mabanja amene adachoka ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Mulanje kudzalima fodya m'maesiteti. Onsewa amakhala pamphasa imodzi, koma pakanema amene amamveka ngati munthu wanzeru ndi mmodzi yekha, ndipo sali pakati pawo: ndi mwana wa m'tauni.

Chimene chandilembetsa ndi kasewero kamphindi zochepa kamene kadaonetsedwa m'pulogalamu ina ya ana, kophunzitsa kusamba m'manja. Aphunzitsi a m'kaseweroko ndi ana awo ochenjera ankalankhula Chichewa chosalala cha ku Blantyre ndi Lilongwe. Bambo wokana sopo, amene pomaliza adagwira pamimba n'kuthamangira kuchimbudzi, adamupatsa dzina loyamba ndi "Che", ndipo paliponse ankati "sikomo, sikomo". M'kalasi mwanga muli mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu amene nayenso amati "sikomo", monga anenera amayi ake. Sabata imeneyo anzake adamutcha dzina la bambo uja. Mwana amene kale ankatsogola poyankha adayamba kungogwedeza mutu, ndipo adakhala chomwecho pafupifupi masabata awiri.

Phunziro la sopo ndilibe nalo mlandu. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho aliyense wouza ana kuti azisamba m'manja akugwira ntchito yabwino. Koma kaseweroko kadali ndi maphunziro awiri, ndipo lachiwiri ndilo lidalowa msanga: lakuti uve ndi umbuli zili ndi kalankhulidwe kake, ndipo tingazizindikire munthu akangotsegula pakamwa. Kumbali ya luso, umenewu ndi ulesi wa wolemba. Kuti aonetse kuti bambo uja ndi wouma mutu, adayenera kumupatsa zochita ndi zifukwa zoseketsa zotuluka m'khalidwe lake. Iye adangobwereka lilime la mtundu wina kuti limugwirire ntchitoyo. Chotsanimo "sikomo" m'kaseweroko, muona kuti simutsala nthabwala ina iliyonse.

Chikhalirecho "sikomo" si umbuli. M'Chiyao mulibe liwu la z, motero mwana amene adayamwa Chiyao amaika s pamalo pake, monga momwe Mchewa amavutikira kusiyanitsa l ndi r akamalankhula Chingerezi. Mwana ameneyo akunyamula zilankhulo ziwiri, pamene womusekayo kawirikawiri ali ndi chimodzi.

Chizolowezichi si cha ife tokha. M'chaka cha 1997 katswiri wa zilankhulo wa ku America, Rosina Lippi-Green, adasanthula makatuni 24 a kampani ya Disney ndipo adapeza kuti otenga mbali olankhula Chingerezi chachilendo ankapatsidwa udindo wa munthu woipa kawirikawiri kuposa olankhula Chingerezi cha ku America. Amene adaonera The Lion King ya 1994 akumbukira kuti mkango wachiwembu, Scar, umalankhula ngati Mngelezi, pamene Simba amalankhula ngati mwana wa ku America. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko wonyozedwayo amakhala kutsidya la nyanja. Kuno amakhala pamphasa yomweyo, phewa ndi phewa ndi amene akuseka.

Ife a ku Kasungu tiyenera kuyankhula nkhaniyi modzichepetsa, chifukwa nafenso tidakhalapo pampando. Pamene Mark Hanna Watkins ankalemba galamala ya Chichewa imene idasindikizidwa mu 1937, womuuza mawu adali wophunzira wachinyamata wochokera kuno, Hastings Kamuzu Banda. Munthu yemweyo atakhala mtsogoleri wa dziko, Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo mu 1972 padakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loyang'anira kalembedwe ndi kalankhulidwe koyenera. Muyeso wake udapendekera ku Chichewa cha Kamuzu. Wa kummwera wonena kuti "ndinapita" pa zinthu zakalekale ankauzidwa kuti cholondola ndi "ndidapita". Masiku amenewo woseketsa adali wina.

Zinthu zidatembenuka. Pambuyo pa 1994 Chitumbuka chidabwerera pa wailesi, kenaka Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zidapatsidwa nthawi yake. Chichewa Board idathetsedwa ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Wailesi ya kanema ya boma idayamba mu 1999 ku Blantyre, ndipo idayamba ndi kalankhulidwe ka mzinda umenewo. Lero ŵ adatsala pang'ono kuzimirira m'mabuku ndi m'manyuzipepala, ndipo mukamumva pakanema wa ana, ndiye kuti akulankhula ndi gogo wosadziwa kugwira foni. Sindikupempha kuti mpando ubwerere ku Kasungu. Amene adauona mpandowo uli kwawo, n'kuuonanso ukuchoka, ayenera kukhala woyamba kudziwa kuti Chichewa "cholondola" chimatsata kumene kuli ulamuliro ndi situdiyo.

Ena adzati ana amafunika Chichewa chimodzi chofanana kuti aphunzire kuwerenga, ndipo pamenepa sindikutsutsa. Buku la Sitandade 1 silingalembe liwu limodzi m'njira zinayi. Inenso ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kuwongola katchulidwe: mwana akasokoneza zilembo za Chiarabu ndimamubwezeretsa mpaka atakhoza. Koma ngakhale pa kuwerenga Qur'an, kumene katchulidwe kamasamalidwa koposa, kuli njira ya Hafs imene timatsata kuno ndi njira ya Warsh imene amatsata ku Morocco, ndipo palibe amene amati inayo ndi ya anthu opusa. Kuphunzitsa mwana z n'kumuonjezera chida. Kumuonetsa kuti s wa amayi ake ndi chizindikiro cha munthu wosasamba n'kumulanda kanthu.

Chondipweteka n'chakuti kukonza zimenezi sikulira ndalama zambiri. Makatuni ophunzitsa monga Akili and Me, opangidwa ndi bungwe la Ubongo ku Dar es Salaam, amaikidwa mawu a Chichewa, ndipo pa ntchito yotere pamakhala munthu wosankha amene alankhulire wotenga mbali aliyense. Chimodzimodzi pa kasewero kalikonse kojambulidwa kuno. Wosankhayo angathe kupereka udindo wa dokotala kwa mayi wa lilime la ku Mangochi, wa mwana wothetsa samu kwa mnyamata wa ku Rumphi, wa mphunzitsi kwa munthu wotchula ŵ, popanda kulengeza kapena kuchitapo nthabwala. Ndipo wokana sopo alankhuleko Chichewa cha ku Area 47 tsiku lina, pakuti nakonso alipo.

Mtsikana uja adayambanso kuyankha m'kalasi. Tsopano amati "zikomo", mosamala, akukankha z ndi mano ngati akusenza katundu. Lachisanu lapitali amayi ake adabwera kudzamutenga, ndipo pondilawira adati "sikomo, mwalimu". Mwanayo adawakoka chitenje, n'kuwanong'oneza kuti asamatero pagulu.