Maola 34 Pakhomo pa Cipatala: Tawerenga Buku la Imfa ya Brian Sinclair

Buku limene tabwera nalo mwezi uno ndi laling'ono, lotha kulowa m'thumba la jekete, koma nkhani yake njolemera. Linasindikizidwa m'Cingelezi ku Winnipeg, m'dziko la Canada, caka ca 2018. Dzina lake ndi Structures of Indifference, ndiye kuti kusalabadira kumene kunacita kumangidwa ngati nyumba. Analilemba amai awiri odziwa mbiri yakale, Mary Jane Logan McCallum, amene ndi wa mtundu wa Munsee-Delaware, ndi Adele Perry.

Nkhani yake nayi. Pa 19 Setembro 2008, bambo Brian Sinclair, wa zaka 45, wa mtundu wa Anishinaabe, mmodzi mwa mitundu ya eni nthaka a dzikolo, anafika pa cipatala cacikulu ca Health Sciences Centre. Anali pa mpando wa matayala, pakuti miyendo yonse iwiri anamudula caka capambuyo pake itaonongeka ndi cisanu. Dotolo wa pa kacipatala kena anamutumiza ndi kalata yonena kuti kapaipi kake kotulutsira mkodzo katsekeka. Analankhula ndi wolandira odwala, napita kukadikira. Dzina lake silinalowe m'kaundula. Anadikira, anasanza, anthu ena odikira anakauza alonda kuti bambo uja sali bwino. Odwala ena pafupifupi 150 analowa, kuthandizidwa ndi kupita. Patatha maola 34 anamupeza atafa kale pampando pomwepo, kalata ija idakali m'thumba. Cinamupha ndi matenda a m'cikhodzodzo, amene akanatha ndi kusintha kapaipi ndi kumpatsa mankhwala basi.

Anchito atafunsidwa, ena anati ankayesa waledzera, ena anati ankayesa ndi wosowa pogona wodzangobisala. Palibe anamufunsa.

Cimene tacikonda m'bukuli ndi cakuti olemba sanathamangire kuloza cala namwino mmodzi. Analigawa patatu: mzinda, cipatala, ndipo potsiriza munthuyo. Ayambira pa malo pamene mitsinje ya Red ndi Assiniboine ikumana, pamene eni nthaka ankasonkhana kalekale mzinda usanabadwe. Adutsa pa pangano la 1871, limene linatsegulira azungu nthaka ya kumeneko, nafika pa cipatala ca mzindawo cimene cinayamba mu 1872, ndi zipatala zapadera zimene boma linkasungiramo eni nthaka, makamaka odwala cifuwa cacikulu, kutali ndi azungu. Pofika pa usiku wa Sinclair, wowerenga waona kale kumene maso a mlonda ndi a namwino anaphunzirira kuona cidakwa pamene pakhala wodwala. Kwa ife amene timalemba mbiri ya midzi ndi mamisao, kalembedwe aka nkoyenera kukayang'anitsitsa: imfa imodzi yatsegula zaka zoposa 130 za mzinda wonse.

Olembawo ali ndi mlandu ndi bwalo limene linafufuza imfayi. Woweruza Timothy Preston anapereka lipoti lake mu Dezembro 2014 ndi malangizo 63, koma anakana kuika tsankho pakati pa kafukufuku. Anatsata za kucuruka kwa odwala ndi kayendedwe ka mzere. Abale ake a malemu anatuluka m'bwalomo asanathe cifukwa ca ici. Apa bukuli lalasa penipeni. Ngati vuto linali kudzaza kwa cipatala, nanga anthu 150 aja anadutsa bwanji?

Koma tisabise, pali pamene sitinakhute. Coyamba, mwini nkhani amacedwa kufika. Tinawerenga masamba ambiri a mzinda ndi a mabungwe tisanakumane naye bwinobwino, ndipo atafika timamuona kwambiri kudzera m'mapepala a bwalo ndi m'makamera a cipatala, zinthu zomwezo zimene zinalephera kumuona ali moyo. Kwathu kuno pa maliro amaimirira wa kucimuna, wa kucikazi, mfumu, wa mpingo, aliyense nkunena malemu anali ndani. Mau otere m'bukuli alimo ocepa, ndipo tinawalakalaka.

Caciwiri ndico cacikulu. Bukuli likudziwa bwino kulongosola cipatala coopsa, koma za cipatala cimene mwini nthaka angalowemo mtima uli m'malo langokhudzako. Pamenepa tinakumbuka namwino wa Cimaori wa ku New Zealand, Irihapeti Ramsden, amene anamwalira mu 2003. Iye anaphunzitsa cimene anacicha kawa whakaruruhau. Sanafune kuti namwino aloweze miyambo ya Amaori ngati katekisimu, ayi. Anafuna kuti namwino ayambe wadzifufuza yekha, mphamvu zimene ali nazo ndi zimene amaganizira munthu asanatsegule pakamwa, ndipo wonena ngati cisamaliro cinali cabwino akhale wodwalayo, osati wocipereka. Mu 1992 bungwe loyang'anira anamwino kumeneko linaika phunziroli m'mayeso a boma. Mutu umodzi woyesa usiku wa Sinclair pa muyeso umenewu ukanapatsa namwino wowerenga cogwira m'manja, osati manyazi okha.

Tisadzifanizire mopitirira. Eni nthaka a ku Canada ndi ocepa m'dziko lao lomwe, pamene ife ndife eni boma. Komabe akuluakulu athu akukumbuka dzina lakuti indígena, limene linali m'malamulo a Apwitikizi mpaka 1961, ndi mmene linkasankhira khomo limene munthu alowere. Ndipo mpaka lero gogo wosadziwa Cipwitikizi amakhala pa benchi kapepala kali m'manja, osadziwa kuti akapereke kwa yani.

Patapita zaka ziwiri bukuli litatuluka, pa 28 Setembro 2020, mai Joyce Echaquan wa mtundu wa Atikamekw anamwalira m'cipatala ca ku Joliette, m'cigawo ca Quebec, atajambula pa foni yake anchito akumunyoza ali pa bedi. Wofufuza imfa yake, Géhane Kamel, analemba mu 2021 kuti tsankho linathandizira kumupha, mau amene bwalo la ku Winnipeg linawazemba mu 2014.