Casanova pa Sinema: Nanga Akaziwo Ali Kuti?

Pabwalo la mfumu mlandu sauweruza atamva mbali imodzi yokha. Lero tiyeni tione mlandu wa munthu wina wa ku Ulaya amene mbiri yake yaonetsedwa kawirikawiri pa sinema.

Dzina lake ndi Giacomo Casanova. Anabadwira mu mzinda wa Venice, ku Italy, m'caka ca 1725. Anali munthu wophunzira, woyendayenda ndiponso wacimasomaso. Mu 1755 anamangidwa, koma mu 1756 anathawa m'ndende potulukira padenga. Ku Paris anathandiza kuyambitsa maere a ndalama a boma. Anapeza cuma cambiri, koma anacimwaza. Atakalamba anagwira nchito yosunga mabuku m'nyumba ya munthu wina wolemera ku Dux, m'dziko la Bohemia. Kumeneko analemba mbiri ya moyo wake m'Cifalansa, masamba oposa 3,000. Anamwalira mu 1798.

Opanga mafilimu amaikonda mbiri imeneyi. Mu 1927 Alexandre Volkoff anapanga filimu yopanda mau. Amene anasewera ngati Casanova anali Ivan Mosjoukine. Tikumuona atavala zokongola, akulumpha apa ndi apo, akazi akumusirira. Mu 2005 Lasse Hallström anapanga ina, wosewera wake Heath Ledger. M'menemo Casanova akukonda mkazi mmodzi, Francesca Bruni, ndipo pomaliza akupulumuka ku imfa n'kuthawa naye. Koma Francesca ameneyu ndi wopeka. Anamuika kuti nkhani ikome.

Mafilimu awiriwa amasangalatsa maso. Ife sitikana. Koma akutipatsa uci n'kubisa njuci. Casanova mwini wake analemba kuti anadwala matenda opatsirana pogonana kangapo. Analemba za ana amene anabereka koma osawalera. Analembanso za atsikana aang'ono amene anawagwiritsa nchito ngati katundu. Zimenezi filimu yosangalatsa siionetsa.

Filimu ya Federico Fellini ya mu 1976 ndi yosiyana. Fellini sanamukonde Casanova. Wosewera wake, Donald Sutherland, akuoneka wotumbuluka, wodzitama ndi wosungulumwa. Ngakhale nyanja ya mufilimuyi si yeniyeni: anaipanga ndi mapepala akuda a pulasitiki. Pomaliza, Casanova wokalamba akulota akuvina ndi cidole cooneka ngati mkazi. Apa Fellini ananena zoona: munthu amene amaona akazi ngati zidole amatsala ndi cidole. Pa mafilimu atatuwa, ife tikuti iyi ndiyo yabwino koposa.

Komabe nayonso ili ndi colakwa. Fellini anamuweruza Casanova, koma akazi aja sanawaitane pabwalo. Akubwera, akupita, ndipo sitimva za mumtima mwao. Cifukwa cake n'ciyani? N'cifukwa cakuti nkhani yonse inacokera m'buku la mwamuna mmodzi. Iye ndiye anagwira colembera.

Koma alipo mkazi wina amene anasiya mau ake. Dzina lake ndi Manon Balletti, wa ku Paris. Mu 1757, ali ndi zaka 17, anagwirizana ndi Casanova za ukwati. Iye anangopitiriza maulendo ake ndi zibwenzi zake. Manon anadikira zaka zitatu, akumulembera makalata. Mu 1760 anathetsa cibwenzico n'kukwatiwa ndi mwamuna wina. Makalata ake anapezeka m'katundu wa Casanova ku Dux. Lero tikudziwa cikondi cake, kudandaula kwake ndi kulimba mtima kwake cifukwa ankadziwa kulemba. Akazi ena ambiri sitiwamva konse.

Conco poonera filimu tisamangoombera m'manja ngwazi yake. Tizifunsa kuti: Wanena nkhaniyi ndani? Wakhala cete ndani? Analipira ndani? Filimu ya Casanova imene ingatikhutitse ndi imene idzapatse Manon ndi anzake mpata woyankhula.

Tikambirane:
1. Kodi mafilimu a mu 1927 ndi 2005 anabisa ciyani?
2. Kodi cidole ca mufilimu ya Fellini cikutanthauza ciyani?
3. N'cifukwa ciyani mau a Manon Balletti sanatayike?
4. Kodi kwathu kuno, mwamuna wacimasomaso timamutamanda kapena timamudzudzula? Nanga mkazi wosiyidwa ndi mwana timamumvera?