Mabuku Amene Anakana Chifundo Changa

Munthu woyamba wa m'buku amene ndinamulirira anali Tiny Tim, kamwana koyendera ndodo ka m'buku la Charles Dickens lotchedwa A Christmas Carol, la mu 1843. Kamwanako n'kofatsa, sikadandaula, kamadalitsa aliyense. Ndinapukuta misozi n'kudziona ngati munthu wamtima wabwino. Panapita zaka ndisanadzifunse kuti kodi Tim mwiniwake ankafuna chiyani. Bukulo lilibe nazo ntchito zimenezo. Tim anaikidwamo kuti afewetse mtima wa Scrooge, mkulu woumira uja. Ndodo ndi ya Tim, koma nkhani ndi ya wina.

Kalembedwe kameneka si kachilendo kwathu kuno. M'masewero ndi m'nkhani zazifupi zambiri, munthu waulumali amabwera ngati phunziro. Mwina ndi woyera mtima woti atikumbutse kuthokoza Mulungu, mwina ndi chizindikiro choti makolo ake anakhwimira chuma, apo ayi achire kumapeto kuti omvera akagone bwino. Wolemba amayesa kuti wachita zachifundo. Koma mpangankhani wopanda dyera, wosapsa mtima, wosasirira mkazi kapena mwamuna wa mwini, si munthu ayi. Ndi chikwangwani cha m'mbali mwa msewu.

Amene anandisintha kawerengedwe ndi Mfalansa wina, Jean-Dominique Bauby. Iyeyu anali mkonzi wamkulu wa magazini ya Elle ku Paris, munthu wokonda zakudya zabwino ndi maulendo. Mu Disembala 1995, ali ndi zaka 43, anagwidwa sitiroko. Atatsitsimuka m'chipatala anapeza kuti mutu ukugwira bwinobwino koma thupi lonse lafa, kupatula chikope cha diso lakumanzere. Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza, anatero akale. Ndi chikope chimenecho analemba buku lodziwika m'Chingerezi kuti The Diving Bell and the Butterfly. Mayi wina, Claude Mendibil, ankatchula zilembo chimodzichimodzi, kuyambira zimene zimapezeka kawirikawiri m'Chifalansa, ndipo akafika pa chilembo choyenera Bauby ankaphethira. Bukulo linatuluka mu Marichi 1997, mwiniwake n'kumwalira patangopita masiku awiri.

Anthu akamva mbiri imeneyi amangoti ndi zozizwitsa, n'kuthera pomwepo. Ine chimene chinandigwira ndi momwe thupi la wolemba linaumbira bukulo. Mitu yake ndi yaifupi, masamba awiri kapena atatu, chifukwa Bauby ankayamba wailoweza pamtima m'mamawa, mlembi asanafike. Munthu amene chilembo chilichonse akuchigula ndi kuphethira sangamwaze mawu ngati mmene timachitira ife okhala ndi zala khumi. Palibe chiganizo chongodzazira malo. Ndipo taonani zimene anasankha kuwonongerapo mphamvu zochepazo: kukumbukira kakomedwe ka soseji pamene iye akudyera m'paipi, kunyoza dokotala wamwano amene anamusoka diso lakumanja, kudandaula za munthu amene anamuzimitsira wailesi yakanema mpira uli mkati. Ndinaseka, kenako n'kuchita manyazi kuti ndaseka, kenakonso n'kuzindikira kuti iye ankafuna kuti ndiseke. Nthabwala m'buku lotere ndi umboni woti mwininkhani akadali mwini. Amene ukumumvera chisoni umamuyang'ana chakumunsi, koma amene wakuseketsa wakhala nawe pamphasa imodzi.

Aminata Sow Fall wa ku Senegal anayenda njira ina. Buku lake la mu 1979, La Grève des bàttu, lomwe m'Chingerezi analitcha The Beggars' Strike, likunena za opemphapempha a mumzinda, ambiri mwa iwo osaona ndi opuwala. Mawu oti bàttu m'Chiwolofu ndi kachipanda kolandirira zopempha. Mkulu wina wa boma, Mour Ndiaye, akulamula kuti anthuwa achotsedwe m'misewu chifukwa akunyansitsa mzinda pamaso pa alendo okaona malo. Amenyedwa, athamangitsidwa, mpaka atopa n'kunyanyala: sapemphanso. Tsono Mour akulakalaka mpando wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo shehe wowombeza akumuuza kuti aphe ng'ombe, nyamayo akaigawe kwa opemphapempha m'misewu momwe amakhala. M'misewumo mulibe munthu.

Luso la mayiyu lagona pa kutembenuza funso. Ife timaganiza kuti wopempha ndiye amasowa wopereka. Sow Fall akuonetsa kuti woperekayo ndi amene sangagone popanda wolandira, poti akugula madalitso, mwayi ndi mtendere wa mumtima. Aliyense amene anaponyapo kandalama m'mbale ya munthu wosaona pa depoti, n'kuchokapo akumva kupepukidwa, bukuli limuluma. Komabe pali pomwe sindinakhutire. Nthawi yambiri timakhala m'mutu mwa Mour, m'nyumba mwake, m'mavuto a mitala yake. Opemphapemphawo, kupatula owerengeka monga Salla Niang, amamveka ngati gulu loyankha nyimbo. Apambana, inde, koma ndinatseka buku ndikumudziwa bwino wozunza kuposa ozunzidwa.

Ena amati nkhani ya ulumali ailembe waulumali yekha. Mfundoyi ili ndi mutu, makamaka tikaona kuti kwa zaka zambiri eniake ankangolembedwa osapatsidwa cholembera. Koma sindingaivomereze yonse nditawerenga The Book of Memory la Petina Gappah wa ku Zimbabwe, la mu 2015. Gappah si wachialubino, koma Memory, mayi wachialubino amene akudikira chingwe m'ndende ya Chikurubi ku Harare, ndi munthu wathunthu: wonyada ndi maphunziro ake, wa lilime lakuthwa, ndiponso wolakwitsa pa zinthu zina zimene akuzikumbukira za ubwana wake ku Mufakose. Khungu lake limatchulidwa pamene likupweteka, dzuwa likaliwotcha n'kusweka, kapena anthu akamulavulira malovu kumbali. Kwinako Memory ali ndi zina zoganiza. Ndinaliwerenga m'zaka zimene nkhani za kuphedwa kwa anzathu achialubino zinkamveka pafupipafupi m'Malawi muno, ndipo ndinaona kuti m'nyuzi anthuwa ankatchulidwa ngati mitembo kapena ziwerengero, pamene m'bukuli mmodzi wa iwo akulankhula masamba mazana osadulidwa pakamwa. Chilema cha bukuli ndi mathero ake, pomwe zinsinsi zonse za m'banja zikukhuthulidwa mothamanga ngati wolemba waona kuti dzuwa lapendeka.

Buku limene landisowetsa mtendere posachedwapa ndi laling'ono kwambiri, lochokera ku Japan. Saou Ichikawa, amene anabadwa ndi nthenda yofooketsa minofu ndipo amadalira makina opumira, anapata mphoto ya Akutagawa mu 2023 ndi buku lotchedwa Hunchback, kutanthauza wa linunda. Mwininkhani wake, Shaka, ndi wolemera, amalemba nkhani zolaula pa intaneti, ndipo ali ndi zilakolako zimene sindingazitchule pamaso pa apongozi. Sapepesa kwa aliyense. Ichikawa amalemba za makhololo oyamwidwa ndi makina pakhosi mosabisa, ngati mmene wina angalembere za kutsuka mbale, ndipo kuuma mtima kwa kalembedweko n'kumene kumakulepheretsa kuthawira m'misozi.

Penapake Shaka akutembenukira kwa ife okonda mabuku. Akukwiya ndi anthu amene amatamanda fungo la pepala ndi kukoma kotembenuza tsamba, n'kumanyoza mabuku a pa kompyuta. Kwa iye, kunyamula buku lolemera n'kuwerama nalo kumapinda msana umene ndi wopindika kale n'kufinya mapapo. Kuwerenga kumene ife timakutcha chisangalalo cha aliyense kumafuna maso oona, manja ogwira, msana wopirira ndi miyendo yokafika kogula mabuku.

Ine ndakhala ndikulankhula zomwezo za fungo la pepala kwa zaka zambiri, monyadira, ngakhale pamaso pa mnzanga wina wosaona amene amadikira kuti wina amuwerengere kapena kuti buku lipezeke m'zilembo za braille. Iye ankangomwetulira. Nditafika pa tsamba limenelo ndinali nditagona chagada pabedi, buku lili m'mwamba m'manja awiri, mikono isakutopa n'komwe. Ndinaliika pachifuwa kwa kanthawi, kenako ndinatenga foni kuti ndimuimbire mnzanga uja ndimuwerengere ndimeyo. Inaitana kawiri ndisanaganize kuti ndiyambira pati.