Henry Stanley m'makalata a abale ake

Mu 1939 mlembi wa ku England, Nancy Mitford, adatulutsa buku lotchedwa The Stanleys of Alderley. Bukuli ndi mtolo wa makalata amene anthu a banja limodzi lachifumu adalemberana kuyambira 1851 kufikira 1865, ndipo lidatsatira linzake la 1938, The Ladies of Alderley. Ife taliwerenga chifukwa cha mwana wachisamba wa m'nyumbamo, Henry Edward John Stanley, yemwe adadzakhala Msilamu woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo ya mafumu ku Britain, ija amaitcha House of Lords. Tichenjeze msanga kuti uyu si Henry Morton Stanley amene adakumana ndi David Livingstone ku Ujiji. Ndi anthu awiri osiyana, ofanana dzina chabe.

Kuti timvetse mkwiyo umene uli m'makalatawa, tiyambe tadziwa nyumba imene Henry adabadwiramo mu 1827. Agogo ake, John Thomas Stanley, adapatsidwa ulemu wa Baron mu 1839, ndipo likulu la banjali lidali ku Alderley m'chigawo cha Cheshire. Bambo ake, Edward John Stanley, adali nduna ya boma, ndipo kuyambira 1860 mpaka 1866 adayang'anira za mtengatenga wa makalata m'dziko lonselo. Mayi ake, Henrietta Maria, adali mwana wa Viscount Dillon, ndipo mzere wawo umakafika kwa Mfumu Charles II kudzera mwa mwana wamkazi amene mfumuyo idabereka kunja kwa ukwati. Mayiyu adalinso mmodzi mwa amene adathandiza kukhazikitsa Girton College ya ku Cambridge, imene panthawiyo idali sukulu ya ukachenjede ya atsikana. M'mabanja otere dzina ndi minda zimapita kwa mwana wamwamuna woyamba kubadwa. Choncho Henry sadali mwana wamba: adali nkhokwe yosungiramo dzina la banja, ndipo chilichonse chimene adachita chidayezedwa ndi muyezo umenewo.

Poyamba adayenda m'njira imene adamlambulira. Adaphunzira ku Eton ndi ku Trinity College ku Cambridge, adalowa ntchito mu unduna woona za maiko akunja mu 1847, ndipo adatumikira ku Constantinople, likulu la ufumu wa Ottoman, kenaka ku Athens. Mu 1859 adasiya ntchitoyo nkuyamba kuyendera maiko a kummawa, ndipo chaka chomwecho mbiri idafika kwawo kuti mwana wa nduna walowa Chisilamu. Dzina lake la Chisilamu lidali Abdul Rahman.

Pamenepa ndi pamene pali mphamvu ya bukuli. Makalata sabisa mtima monga zimachitira mbiri zolembedwa pambuyo pa maliro. Tikumva bambo akumutcha mwana wawo chitsiru, akufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Tikuona kuti chidawapweteka kwambiri ndi manyazi: anthu anena chiyani, nanga dzina la Stanley lizimveka bwanji m'manyuzipepala. Aliyense wa ife amene adaonapo munthu akulowa Chisilamu abale ake asakufuna adzalizindikira liwu limeneli, ngakhale likuchokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Pa ichi Mitford tikumuyamika. Blanche, mlongo wake wa Henry, adali mayi wa agogo ake aakazi a Mitford, komabe mlembiyu sadawaphimbe makolo ake ndi nsalu yoyera.

Koma chofooka cha bukuli chili pomwepo. Nkhani ya chikhulupiriro cha Henry timaimva makamaka kuchokera pakamwa pa amene adakhumudwa nacho. Ndi bwalo la milandu limene odandaula alankhula tsiku lonse, woimbidwa mlandu atakhala chete pakona. Ndiponso makalatawa akuthera mu 1865, munthuyo asadalowe ufumu wa bambo ake, ntchito zake zazikulu zisadaoneke. Chimene Mitford adatisungira cha mapeto a moyo wake ndi nthabwala ya kumanda, ya mbale wake wina amene adakalipira mnzake chifukwa chovula chipewa m'malo movula nsapato. Naye Bertrand Russell, katswiri wa nzeru zakuya, mwana wa Kate mlongo wake wa Henry, adawajambula amalume akewo chimodzimodzi m'buku la moyo wake. Akufotokoza za chakudya cha Lamlungu kwa agogo ake kumene kunkakhala ana aamuna atatu: Henry Msilamu wogontha m'makutu, Lyulph wotsutsa zipembedzo, ndi Algernon wansembe wa Katolika amene adadzakhala bishopu. Chithunzicho n'chokoma kuwerenga, ndipo chikutsimikiza kuti chibale ndi fupa sichiola, pakuti atatuwo ankadyera mbale imodzi uku akukangana. Komatu munthu wasanduka choseketsa cha pa chakudya.

Chaka chimodzi chokha makalata a m'bukuli atatha, mu 1866, bungwe la Hakluyt Society lidasindikiza buku limene Henry adamasulira m'Chingerezi, lolembedwa ndi Mpwitikizi Duarte Barbosa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500. Bukulo likufotokoza madoko a kum'mawa kwa Africa: Sofala, chilumba cha Mozambique, Kilwa, Mombasa ndi Malindi, pamodzi ndi Asilamu amene ankachita malonda kumeneko. Dzina la Kilwa si lachilendo kwa ife a m'mbali mwa nyanja, pakuti ndiko kunkathera maulendo a amalonda a Chiyao, ndipo njira zomwezo ndi zimene Chisilamu chidadzera pofika kuno. Mu 1869 adamasuliranso mbiri ya maulendo a Vasco da Gama yolembedwa ndi Gaspar Correia, ndipo mu 1874 ya ulendo wa Magellan wozungulira dziko lapansi. Chitsiru sichigwira ntchito yotere.

Atalowa m'malo mwa bambo ake mu 1869, adatseka nyumba zogulitsiramo mowa pa malo ake ku Nether Alderley. Abale ake sakadanena kuti ichi n'chachilendo, popeza Rosalind, mlongo wake wina amene adakwatiwa ku banja la Carlisle, adatchuka dziko lonse pomenyana ndi mowa. Pa chilumba cha Anglesey ku Wales, kumene banjali lidalinso ndi minda, Henry adalipira ntchito yokonzanso matchalitchi akale. La ku Llanbadrig adalikonza mu 1884, ndipo kufikira lero m'kati mwake muli matailosi obiriwira ngati thambo okumbutsa zokongoletsa za m'mizikiti. Mwini malo wa Chisilamu adasamala nyumba zopemphereramo anthu ake a Chikhristu. Zoterezi sizikadapezeka m'makalata othera mu 1865, koma mkonzi amene adapeza malo a nthabwala ya nsapato akadapezanso malo oyezera munthuyo mokwanira.

Tikatero tisathamangire kumuveka chisoti cha ungwiro, pakuti pali nkhani ya ukwati wake. Mu 1862 adakwatira mwa Chisilamu mkazi wa ku Spain wotchedwa Fabia, nabisa ukwatiwo kwa makolo ake kufikira bambo ake atamwalira. Adaumanganso ku ofesi ya boma mu 1869, kenaka m'tchalitchi cha Katolika mu 1874. Pambuyo pake zidadziwika kuti mkaziyo adali ndi mwamuna wina amene adamwalira mu 1870, kutanthauza kuti maukwati awiri oyambawo adamangidwa mwini wake ali moyo. Shariya imaletsa kukwatira mkazi wa mwini, ndipo imatiphunzitsa kulengeza nikah poyera. Nzeru ya lamuloli ikuonekera pano: chimene chimangidwa mumdima sichipeza wochifufuza. Zaka zisanu ndi ziwiri za chinsinsi zikuonetsanso kuti munthu amene adalimba mtima kusiya chipembedzo cha makolo ake adaopabe nkhope ya bambo ake.

Apa ndi pamene kuunika bukuli kukutembenukira kwa ife eni. Pa maulaliki ndi m'timabuku ta daawa timakonda kutchula maina a azungu otchuka amene adalowa Chisilamu, ndipo liwu loti Lord timalikweza koposa dzina la munthuyo. Tikamatero tikugwiritsa ntchito sikelo yomweyo ya bambo ake a Henry. Iwo adaona magazi a chifumu akunyozeka, ife tikuona magazi a chifumu akutikometsa, koma tonse tikuyang'ana magazi. Surah Abasa idavumbulutsidwa pamene Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, adatanganidwa ndi akuluakulu a Chikuraishi pomwe wakhungu Abdullah ibn Umm Maktum ankafuna kuphunzira. Ndime 13 ya Surah Al-Hujurat ikutiuza kuti mitundu ndi mafuko n'zodziwirana, ndipo ulemerero kwa Allah uli m'kumuopa. Shahada ya Baron siilemera kuposa ya msodzi wa ku Makanjira. Ngati ana athu aphunzira kuti Chisilamu n'choona chifukwa mfumu ya ku England idachivomera, adzagwedezeka tsiku limene adzamve za ukwati wa Fabia.

Henry Stanley adamwalira mu Disembala 1903, m'mwezi wa Ramadhan. Adaikidwa mwa Chisilamu pa malo ake ku Alderley, kunja kwa manda a tchalitchi, ndipo mwambowo adautsogolera imamu wa ku ofesi ya kazembe wa Ottoman ku London. Ku Liverpool, Abdullah Quilliam adatsogolera swala ya janaza mumzikiti wake. Sadasiye mwana, choncho dzina ndi minda zidapita kwa Lyulph, mng'ono wake wotsutsa zipembedzo uja. M'mabuku a mizere ya mafumu Henry ndi nthambi youma, yongodutsapo dzina popita kwa wina.

Buku la Mitford ndi loyenera kuwerengedwa ndi amene angalipeze, malinga akumbukire kuti ndi umboni wa mbali imodzi. Likutiphunzitsa zambiri za mantha a nyumba yachifumu, koma zochepa za mtima wa Abdul Rahman. Pophunzitsa ana za iye, tiyambe ndi buku la Kilwa limene adamasulira, nyumba za mowa zimene adatseka ndi matchalitchi amene adakonza, titchulenso kulakwa kwa ukwati wobisa, ndipo za Mfumu Charles II zibwere kumapeto ngati nthawi yatsala.