Dzanja lamanja la Paco de Lucía

Paco de Lucía, katswiri woliza gitala ya flamenco, anatisiya pa 25 February 2014. Mtima unamuthina ali kugombe la nyanja ku Playa del Carmen, m'dziko la Mexico, ndipo anamwalira ali ndi zaka 66. Anakamuika kwawo ku Algeciras, tauni ya padoko kum'mwera kwa Spain komwe anabadwira mu 1947. Ambiri pomulira anatamanda liwiro la zala zake. Sanalakwe, koma liwirolo ndi gawo laling'ono chabe la zomwe zinapita naye kumanda.

Yang'anani dzanja lake lamanja m'makanema omwe anatsala. Poliza picado, chala chamkombaphala ndi chapakati zimasinthana pa nsambo imodzi, chilichonse chikakoka n'kukatsamira pa nsambo yotsatira. Ambiri akathamanga chotere mawu amaphatikana, koma kwa iye liwu lililonse limatuluka palokha, lokhwima, lomveka poyambira ndi pothera. Chala chachikulu nacho chili ndi ntchito yakeyake, alzapúa: chimatsika, n'kukweranso ndi kumbuyo kwa chikhadabo, nsambo zazikulu n'kumalira ngati pali anthu awiri. Pakati pa zonsezi chala china chikugogoda thabwa la gitalayo. Ngakhale kakhalidwe kake kanali kachilendo. Akale ankaimika gitala pantchafu, khosi lake kuloza m'mwamba. Iye anapingasa mwendo n'kuigoneka, kuti dzanja lamanzere lifike kulikonse mosavuta. Lero oliza flamenco ambiri amakhala momwemo.

Lusoli silinagwe kumwamba. Bambo ake, Antonio Sánchez, nawonso woliza gitala, ankamukhazika m'chipinda maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku, ndipo anamusiyitsa sukulu akadali wamng'ono. Banjalo linali losauka, gitala ndiyo inali khasu lawo. Ali mnyamata anakumana ndi katswiri Sabicas ku New York, n'kumulizira zomwe anatengera kwa woliza gitala wina, Niño Ricardo. Sabicas anamulangiza kuti asiye kuliza za ena, ayambe kupeka zake.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi khutu lake. Flamenco imatsamira pa compás, kayendedwe ka kugunda komwe m'nyimbo za mtundu wa soleá ndi bulería kamazungulira pa 12, kutsindika kukugwera pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Paco ankasewera ndi kuzungulira kumeneku modabwitsa: amachedwa dala, amalowa pomwe simukuyembekezera, amapita kutali mpaka mumaganiza kuti wasochera, kenaka n'kutera ndendende pomwe akuomba m'manja akumudikira. Ndipo mumve zimbale zomwe anajambula ndi woimba Camarón de la Isla kuyambira 1969. Munthu yemwe akanatha kudzaza mpata uliwonse ndi liwiro amadziletsa, n'kumatsatira mpweya wa mnzake. Camarón akakoka liwu, gitala imadikira. Akaduka mawu, imamuyankha mwachidule n'kumubwezera bwalo. Paco ankanena yekha kuti mumtima mwake ankafuna kukhala woimba, koma manyazi anamubisa kuseri kwa gitala. Ndikamamvera Siroco, chimbale cha 1987, ndimamukhulupirira: nsambozo zimapuma, zimabuula, zimasasa mawu ngati pakhosi pa munthu.

Osunga mwambo anamudzudzula kwambiri. Nyimbo ya Entre dos aguas, yomwe anaipekera mu situdiyo mu 1973 pongofuna kudzaza chimbale, inali ndi gitala ya besi yamagetsi ndi ting'oma, ndipo ndi yomwe inamutchukitsa kwa anthu omwe sankailabadira flamenco. Mu 1975 analiza ku Teatro Real ku Madrid, nyumba yomwe inkaonedwa ngati ya nyimbo za apamwamba okha. Ali paulendo ku Peru anamva cajón, bokosi lathabwa lomwe woliza amalikhalira n'kumalimenya ndi manja. Anazindikira kuti kulira kwake kouma kukufanana ndi zidendene za wovina, ndipo sikumiza gitala. Anabwera nalo ku Spain, n'kulipereka kwa Rubem Dantas, woliza ng'oma m'gulu lake, ndipo lero achinyamata ambiri amayesa kuti bokosilo linali mu flamenco chiyambire.

Atayamba kuliza ndi oliza gitala anzake John McLaughlin ndi Al Di Meola, omwe anatulutsa nawo Friday Night in San Francisco mu 1981, anayenera kuphunzira kupeka nyimbo pompopompo monga amachitira a jazi, anthu akumuonerera. Anavomereza poyera kuti zinkamupweteketsa mutu. Katswiri wotchuka kale, koma analolera kukhalanso mwana wasukulu. Mu 1991 anajambula Concierto de Aranjuez ya Joaquín Rodrigo, chonsecho kuwerenga nyimbo zolembedwa papepala kunkamuvuta.

Chimbale chake chomaliza, Canción andaluza, chinatuluka patangopita miyezi iwiri chimwalirireni. Sanathamangemo kuti aonetse mphamvu. Anabwerera ku nyimbo za copla zomwe anakula akuzimva ku Andalucía, ndipo n'zowawa kumva mmene dzanjalo linalili lamphamvube.